Manja Awiri a Fiskani

Vidiyoyo anaibwereza katatu, yopanda mawu.

M'kachipinda ka komiti yolanga osewera mpira wa ragibi ligi ku Tallaght, kudziko la azungu, Fiskani anadzionera yekha atagwada m'matope, atagwira mkono wa refu ndi manja awiri.

"Ndinkapepesa, mayi," Fiskani anauza mayi wapampando wa komitiyo. "Ndinali nditawakalipira a refuwo. Kwathu wamkulu timamupepesa choncho."

"Munamugwira kapena simunamugwire?" anafunsa mayi wapampando.

Fiskani anacheukira kochi wake, a Tarsizio, Mmalawi mnzake. Iwo ankangoseweretsa foni.

"A kochi, auzenitu."

"Ine mwambo umenewo sindiudziwa," anatero a Tarsizio.

Komitiyo inamuletsa Fiskani kusewera magemu eyiti. Sizoni inali itatsala ndi magemu sikisi okha.

Potuluka, Fiskani anatambasula manja onse awiri kuti atsanzike. Mayiyo anabwerera m'mbuyo, n'kulembanso china papepala.