Nkhope ya Orville m'Paketi ya Ndudu

Orville anang'amba paketi ina ya ndudu uku akutsokomola. Kakhadi kam'katimo kanali ka katswiri wina wa masewera a mpira wa besibo, osati iye.

A Pruitt, bambo a chibwenzi chake, anali atanenetsa kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi wosewera amene nkhope yake siipezeka pa makadi a m'mapaketi a fodya. Poti kutaya n'kulakwa, Orville ankasuta ndudu zonsezo mpaka liwiro linamuthera.

Lamlungu anapita kwa a Pruitt chimanjamanja.

"Bambo, makadi anga ngosowa. Anthu akuwabisa."

"Ngosowa? Tawerama, mnyamata iwe."

Mwendo waufupi wa tebulo unali utaponda mulu wa makadi a nkhope ya Orville.

"Usachotsepo," anatero a Pruitt. "Pokhapo ndiye ukuthandiza banja lino."