Bambo amene anamanga mwana wake poopa chipatala

Panali munthu wina, bambo wofatsa ndithu, amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha odwala misala. Sanali dokotala ayi. Ntchito yake inali kugwira odwala akalusa n'kuwamangirira pabedi ndi malamba. Kale zinali choncho: kuwameta mpala, kuwathira madzi ozizira, kuwatsekera m'kachipinda kopanda zenera. Atapuma pantchito analumbira kuti wake sadzapondako.

Patapita zaka, mwana wake wamkazi anabereka mwana woyamba. Milungu iwiri isanathe, mutu unasokonekera. Ankalankhula yekha, ankakana kuyamwitsa, ankati khandalo si lake.

Mkamwini anati, "Bambo, tipite naye kuchipatala."

"Kumene kuja? Iwe umangokuona ukamadutsa pabasi. Ine ndinakalambira m'kati mwake. Mwana wanga sapita."

Mlongo wake wa bamboyo, yemwe ankagulitsa zipatso pageti pa chipatalacho, anayesanso. "Achimwene, zinasintha kalekale. Masiku ano amapereka mankhwala, amakhala nawo pansi n'kumacheza nawo. Ena amadzagula kwa ine, simungawadziwe n'komwe. Tangopitani mukaone."

"Angopaka penti basi," anatero bamboyo. Sanapite.

Musamuweruze msanga, mwana wakeyo ankamukonda kwabasi. Anamutengera kunyumba kwake, ankamuphikira, ankamudyetsa yekha ndi sipuni. Koma tsiku lina wodwalayo anaswa zenera kuti athawe, ndipo bambo anachita zimene manja ake anazolowera. Anavula lamba wa thalauza n'kumumangirira dzanja lamanja kuchitsulo cha bedi, uku akulira.

"Pepa mwanawe. Bola ndikumange ine kusiyana ndi anthu osakudziwa."

Masiku anayi wodwalayo ankangokoka lambayo. Tsiku lachisanu dzanja linali litatupa, zala zitada bii. Mkamwini sanapemphenso chilolezo, anangobwera ndi galimoto.

Atafika, bambo anaima pakhomo la wodi, maso ali pamabedi kufunafuna malamba. Panalibe. Odwala ena ankasewera makadi, wina ankacheza ndi mlangizi pabenchi. Nesi anayang'ana dzanjalo.

"Wamumanga ndani?"

"Ine."

"Kamangidwe kameneka munakaphunzira kuti, bambo?"

"Muno."

Nesi anati, "Zimenezi anasiya ine ndisanayambe ntchito. Matendawa amagwira amayi ena akangobereka, ndipo amachira."

Anachiradi. Patatha milungu isanu anayamba kufunsa yekha za mwana wake. Koma mitsempha ya dzanja inali itafa, zala sizinagwirenso.

Tsiku lotuluka, mwamuna wake anabweretsa khandalo. Mayi analilandira ndi dzanja limodzi, mutu wa mwana n'kugwera chagada. Anatembenukira kwa bambo ake, mopanda mkwiyo n'komwe.

"Ababa, ndigwirireni mutu wake. Ine sindingathe."

Bambo anagwira, ndipo analira pamaso pa anthu onse m'wodimo.

Phunziro: Zimene munaona kale si zimene zilipo lero. Matenda a maganizo ndi matenda ngati ena, ali ndi mankhwala ndi aphungu ake. Musamange wodwala, musamutsekere, musamubise. Akakuuzani kuti zinasintha, pitani mukaone nokha. Tumizirani ena uthengawu, mwina pali banja limene latsekera wina m'chipinda lero.