Liwu Limene Anti a Masamu Anakana

"Limenelo ndiye sindinena," anatero Anti a Masamu, akukankhira maikolofoni kumbali.

Kwa zaka makumi awiri pa TV ya ana, iwo ankafunsa funso, kudikira pang'ono, kenako n'kufuula kuti, "Mwakhoza!" Tsopano pulogalamuyo inkasanduka gemu: mwana aziyankha pa foni, makina azimva n'kumuuza ngati wakhoza kapena ayi.

"Mayi, ndi liwu limodzi lokha, 'Walakwa', basi," anachonderera bwana wa pulogalamuyo.

"Mwana woti sindikumuona, ndimuuze kuti walakwa? Pezani wina."

"Chabwino, ndijambula ndekha."

Anajambuladi, mokweza bwino. Tsiku loyesa gemuyo, bwanayo anabwera ndi mwana wake wamkazi n'kumupatsa foni.

"Malalanje atatu kuphatikiza anayi, onse ndi angati?" anafunsa mawu a Anti.

"Seveni!"

Koma makinawo anali atawaphunzitsa "asanu ndi awiri" basi.

"Walakwa!" anabangula mawu a bambo ake.

Mwanayo anawerenganso zala zake bwinobwino, n'kucheukira Anti a Masamu, amene anali atapinda manja pakhomo.

"Anti," ananong'ona, "adadi musamawapatse masamu. Sawatha."