Mapepala Okulungira Usipa

Hajara anali atamukulungira kale Jameson usipa wake n'kumuwazira tsabola, koma mkuluyo sanachoke. Anatsamira njinga yake ya kabaza pafupi ndi benchi, nsomba m'kamwa, maso ali pa pepala lonona mafuta.

"Mayi a Zahra, nanga mtsikanayu bwato lija anakwera kapena ayi? Dzulo pepala linathera pomwe amavula nsapato."

"Mtsikana uti?"

"Wa m'nkhanimu. Sabata yonseyi ndikumutsatira ine. Ndikulungireni wina, koma musadumphe tsamba."

Hajara anatsomphola pepalalo. Zilembo zopendekeka, zothinana ngati za munthu woumira inki, pamwamba pali nambala yozunguliridwa. Linali dzanja la mwamuna wake, Bilali.

Bilali ankaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay komweko, koma mutu wake wonse unali pa buku. Kwa zaka ndithu ankalemba nkhani yaitali ndi bolopeni. Chaka chatha anakakhala nawo pa msonkhano wa alembi ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi malamulo odzaza thumba. Ukamaliza kulemba, isiye nkhani igone kaye. Kenako uiwerenge mokweza, pomwe lilime lapunthwa ukonze. Chomwe sichikuyendetsa nkhani dula, ngakhale chikome bwanji. Ndipo usanatumize kwa osindikiza, upeze munthu wosakuopa aiwerenge.

Malamulowa Hajara ankawadziwa ngati mitengo ya nsomba, poti ankalalikidwa pa chakudya chilichonse. Koma Bilali akamutambasulira mapepala, yankho linali limodzi: "Mawa, bambo a Zahra, lero m'manja muli mafuta." Mawa lakelo linakalamba lisanafike.

Tsopano osindikiza ena a ku Blantyre anali atavomera kuliona bukulo mwezi usanathe. Ndiye taonani, mkazi wa mlembi walidyetsa kale anthu a kabaza.

Anagwada n'kukoka katoni ya mapepala okulungira pansi pa benchi. Nthawi zonse munkakhala nyuzi zakale ndi makope otha a ana asukulu. Koma masiku awa pamwamba pankakhala mapepala oyera bwino, osanjikana, zolemba zikuyang'ana kumwamba. Anakondwa nawo chifukwa sankadetsa nsomba ngati nyuzi, ndipo sanadzifunse kuti achokera kuti. Wokazinga usipa sawerenga chokulungira, dzanja limangotola. Kunyumba katoniyo inkagona pansi pa bedi moyandikana ndi jumbo ya bukulo. Ndiye kuti jumbo inang'ambika, ndipo posesa ndi iye mwini amene anawola zonse n'kuponya m'katoni. Panalibe wina womuloza chala.

Anasiya benchi n'kuyamba kusaka. Ku dzala, kuseri kwa pomwe amaima maminibasi, anapezako masamba awiri, limodzi mbuzi italidya theka. Mayi wa mandasi anavomera kuti ena anakolezera mbaula. Ena anali atapita ku Salima, ena ku Lifuwu, m'matumba a anthu omwe sadzabweranso. Atabwerera anapeza mafuta apserera m'chiwaya, makasitomala atathawira kwa mnzake. Sanasamale. M'maso mwake munkangobwera Bilali atakhala pakhonde, akufufuta mzere umodzi n'kuulembanso, kuufufutanso, mpaka tiyi kuzizira. Munthu anadzimana bawo, anadzimana mpira wa pa wailesi, kuti ntchito yake ithere m'mimba mwa mbuzi. Hajara anadzida yekha.

Linali Lachisanu. Anthu atatuluka mumzikiti, Hajara anaona Bilali akubwera, mkanjo woyera, kajumbo m'khwapa, akupereka moni kwa aliyense monga mwa chizolowezi chake. Hajara anaganiza zonamizira makoswe. Anaganiza zonamizira mwana. Pakamwa panakana.

"Bambo a Zahra, walahi sindinadziwe. Buku lanu lija ndakhala ndikukulungira usipa. Omwe ndapeza ndi awa okha."

Anapereka masamba a mafutawo ndi manja awiri, maso ali pansi. Anadikira kukalipiridwa, ndipo ankafuna ndithu kuti akalipiridwe, mwina mtima ukanapepukako. Koma Bilali anangowalandira n'kuwawongola pa bondo.

"Mwawerengako?"

"Ayi. Andiuza ndi a Jameson."

Bilali anacheukira Jameson, yemwe anali chiimire pa njinga yake, ndalama m'manja, kudikira kuti amve za bwato. Anamugwedezera mutu. Kenako ananjuta, n'kumasula kajumbo kaja. Munali mapepala ena oyera. Anawasanja bwinobwino pamwamba m'katoni, zolemba zikuyang'ana kumwamba.

"Buku silinatayike, mayi a Zahra. Mnzanga Mustafa analitayipa kale lonse pa kompyuta ku Salima. Awa ndimaikamo ndekha m'mawa uliwonse. Alembi aja ku Lilongwe anati ndipeze munthu wosandiopa, ndipo ine ndili naye mmodzi yekha. Poti tsamba lililonse limadutsa m'manja mwanu, ndimati mwina tsiku lina maso agwerapo."