Kuno Kulibe Viorica

"Mwamuuza chani wapolisi uja?" Viorica anamenyetsa chikwama pathebulo la mayi Assunta, aneba ake, mabuku a kukalasi ya Chitaliyana n'kumwazika.

"Tamuuza kuti dzina limenelo sitinalimvepo," mayiwo anayankha monyadira, uku akusenda adyo. "Ine, a Gennaro apansiwa, ndi ana omwe. Muno mu Napoli wapolisi sitimuuza ngakhale dzina la mphaka."

"Mayi, munthuyo amadzangoona ngati ndimakhaladi pano. Akakalemba kuti kulibe, zaka zonse ndasambitsa nkhalamba zanuzi zipita m'madzi. Unzika wa dziko lino aboma sandipatsa. Mukufuna ndibwerere kwathu ku Moldova?"

"Mwana iwe, usandiphunzitse za apolisi. Malemu amuna anga tinawabisa kangapo, ndipo anamwalirira pabedi pawo."

"Amuna anuwo ankaba njinga zamoto. Ine ndikufuna andipeze!"

Pansi wina anaimba likhweru. A Gennaro anatulukira ali wefuwefu.

"Wabweranso."

Viorica anathamangira kukhomo, koma manja anayi anamugwira, kumukankhira m'kachipinda kosungiramo matimati, n'kukhoma. Anamenya chitseko ndi zibakera, akukuwa dzina lake lonse ndi la bambo ake lomwe. A Gennaro anangokweza wailesi.

Mayi Assunta anakonza tsitsi, n'kukatsegula.

"Viorica? Bwana, takuuzani kale kuti kuno kulibe. Phokosolo ndi mapaipi."

Wapolisi analemba m'buku lake n'kutsika masitepe. Mayiwo anagunditsa pakamwa pachitseko cha kachipinda kaja.

"Usavutike n'kuthokoza, mwanangu. Iwe ndiwe wathu."