Mkulu Wina wa ku Lusaka

Bukulo linafika kwathu ku Mtendere, mu Lusaka, patatha milungu itatu chiikire atate m'manda. Ndinalivundukula tsamba ndi tsamba ndili chiimire pakhomo.

Zonse zimene atate ankalembera pulofesa wa ku Ulaya uja kwa zaka khumi zinalimo: kachisi wa mvula wa makolo awo ku Chadiza, zojambula za m'mapanga, nyimbo zothirira nsembe. Dzina lawo lokha ndilo munalibe. Pulofesayo, mlembi wa bukulo, anangoti "mkulu wina wa ku Lusaka."

"Bamayi, uyu muzungu ni kawalala, wakuba!" ndinakuwa, foni ili kale m'manja. "Batate banamupasa vonse, dzina chabe yamukanga? Azaniona lelo."

Amayi anali pamphasa, akupinda zovala za atate zoti achibale agawane. Sanadzutse mutu.

"Towela, faka foni pansi."

Anapisa m'thumba la jekete lakuda limene atate ankavala pogawa mgonero, natulutsa kalata yothetheka m'mapindiro. Inali ya pulofesayo, ya zaka ziwiri zapitazo.

"A Silas, ndikupemphani kachitatu. Ndiloleni ndilembe dzina lanu pachikuto, pambali pa langa."

Kumunsi kwake, ndi pensulo, atate anayeserera yankho lawo: "Ayi, bwenzi langa. Ndine mkulu wa mpingo. Akamva kuti ndimadziwa za mizimu, mwana wanga adzamuchotsa m'kwaya, ndipo amaikonda."

Ndinakhala pansi pambali pa amayi, buku lili pamiyendo.

Kwayayo ndinaisiya ndekha chaka chatha, titakangana za mtundu wa yunifolomu.