Laputopu ya Alamu Yakana Kudzuka

Injiniya anakanikiza batani loyatsira kachisanu ndi chiwiri, ndipo laputopu inamuyankha monga poyamba: kulira kuti "pii", sikirini yakuda bii, ndi kamzere kamodzi koyera konena kuti siikuona poyambira.

Dzina la Injiniya anadzipatsa yekha n'kulilemba ndi penti pachitseko cha shopu yake yokonzera makompyuta. Tsiku limeneli shopuyo inali yodzaza, kutanthauza kuti munali anthu awiri. Wina anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, kalaliki wa pakampani yogulitsa matailosi. Winayo anali bwana wa kalalikiyo, mayi wosaseka, amene anabwera ndi mpando wa ku ofesi pagalimoto chifukwa, akuti, sakhalira mipando ya eni.

Mu laputopumo, akuti, munali lipoti la chaka chonse, lomwe linamudya kalaliki miyezi itatu. Kunyumba mkazi wake ankadandaula kuti mwamuna wasanduka mlendo chifukwa cha lipotilo. Ndiye dzana lake kalaliki anaikamo dongosolo lachiwiri loyendetsera kompyuta pambali pa lakale, ndipo kuyambira pamenepo laputopu inaleka kudzuka.

"Makompyuta amafa, ndikudziwa, ndipo ndimakhululuka," anatero bwana. "Koma wabodza sindimusunga. Iyeyu akuti lipoti lili m'menemo. Ndikapeza kuti akundinamiza, mawa asabwere."

Injiniya mtima unamupweteka. Munthu wa ana atatu kumutchula wabodza pamaso pa mlamu wake! Komanso mumsewumo munali mashopu asanu ndi anayi okonza makompyuta, ena a magalasi ndi mayunifolomu, koma kalaliki anawalambalala onse n'kubwera kwa iye. Analumbira chamumtima kuti laputopuyi idzuka, ifune isafune.

"Vuto lake ndi mitala," anafotokoza. "Mwaika akazi awiri m'nyumba imodzi. Mlonda wa pageti, amene ife timati bayosi, sakudziwa woyamba kumutsegulira, ndiye wangotseka geti n'kugona."

"Mudzutseni," anatero bwana.

Kukafika kwa mlondayo kumafuna batani lakelake, lokanikiza pa nthawi yake laputopu ikungoyaka. Injiniya batanilo sankalidziwa. Anayesa mabatani a mzere wapamwamba limodzilimodzi, kenako awiriawiri, kenako ndi chikhato chonse. Kalaliki anali chilili pambali, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, musadzivutitse. Ngati yafa, yafa."

"Pano sipafa kanthu, alamu."

"Mwina muimenyeko ndi hamala. Kapena tiiviike m'madzi, mwina yangotentha."

Injiniya anamumvera chisoni. Mantha amayankhulitsa munthu zopanda mutu.

Atayatsa kakhumi ndi chimodzi, fumbi la pashelefu linamulowa m'mphuno. Anayetsemula, chigongono chinagwera pakiyibodi, ndipo sikirini inasanduka yabuluu. Bayosi inatseguka. Injiniya anapukuta mphuno modekha, ngati ndi mmene amatsegulira tsiku ndi tsiku.

Koma mlondayo anafuna pasiwedi.

"Ndaiwala," anatero kalaliki msangamsanga. "Ndaiwaliratu."

Injiniya anaimbira foni mlongo wake. "Achemwali, bambo a kunyumbako amakonda nambala yanji?"

"Tsiku lomwe anagula njinga yamoto," anayankha mlongoyo. "La ukwati wathu musayese n'komwe, salidziwa."

Anamuuza tsikulo, ndipo nambalayo inatheka. M'katimo, tsoka ilo, zonse zinali m'chiyankhulo cha zilembo zopindikapindika zomwe palibe aliyense mu shopumo anazionapo. Kalaliki anati laputopu zamasiku ano zimasintha zokha zikakhumudwa. Injiniya sanabwerere m'mbuyo. Anaika foni pamwendo, kuseri kwa tebulo, n'kupeza kanema wa munthu wina akukonza vuto lomwelo m'chiyankhulo chinanso chosamveka. Kuwerenga kunakanika, koma kuwerengera mizere ankatha: tsamba lachitatu, mzere wachiwiri.

Apo anapeza mndandanda wa oyenera kutsegulidwa. Pamwamba panali dongosolo latsopano, lomwe mlonda ankalikana chifukwa linalibe chidindo. Lachiwiri linali fulashi yomwe kunalibe. Dongosolo lakale, mwini nyumba weniweni, linali pansi penipeni. Injiniya anayamba kulikweza, mzere umodziumodzi.

Kalaliki anapunthwa pawaya wa chaja n'kuuzula kukhoma. Anapepesa, anaubwezera, n'kupunthwaponso. Mwamwayi batire inali yodzaza.

"Khalani pansi, alamu, mufa ndi mtima," anatero Injiniya. "Zisiyeni m'manja mwanga."

Anasunga zomwe anasinthazo n'kuyatsanso. Laputopu inalira kuti "pii". Inakhala chete kanthawi, ngati ikuganiza. Kenako inaimba kanyimbo kake, sikirini inawala, mafayilo onse n'kuonekera ali bwinobwino m'malo mwawo.

Injiniya analumpha mpaka kugunda babu ndi mutu. Anakumbatira mlamu wake, misozi ili mbwembwembwe, ndipo akanakumbatiranso bwana, mayiyo akanapanda kumuyang'ana ndi diso lija. Chimwemwe chotere anali asanachimvepo chibadwire. Anali atapulumutsa ntchito ya munthu, ulemu wa banja ndi sukulu ya ana atatu.

"Tsegulani, bwana!" anafuula. "Tsegulani muone ngati kwathu kuli abodza!"

Bwana anakoka mpando wake, anavala magalasi, natsegula fayilo. Pamwamba panali mutu wa zilembo zikuluzikulu: LIPOTI LA CHAKA. Pansi pake panali poyera kuti mbee, mpaka kumapeto.

Kalaliki anatembenukira kwa Injiniya, maso ali psuu.

"Alamu, masiku awiri athunthu ndakhala ndikuipha laputopu imeneyi. Inu zaka zisanu ndi chimodzi simunakonzepo ngakhale tochi, n'chifukwa chake ndinakudalirani. Ndiye mwasankha kuyamba lero?"